Mpanda wa ku Dimba la Amayi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinapeza amayi atakhala pansi pakati pa dimba, akutola tomato wosapsa mmodzimmodzi n'kumaika pachitenje. Ng'ombe za amalume zinali zitangotulukamo. Mabedi a anyezi anali atasanduka matope okhaokha, timitengo timene tinazikira tomato tili gonegone. Amayi sanalire. Anangoti, "Estere, tenga keni uthirire zotsalazo dzuwa lisanakule."

Dimba lathu lili kumunsi kwa Golomoti, m'mbali mwa khwawa limene siliuma ngakhale mu Okutobala. Kwathu kuno anthu akangokolola ziweto zimatayiridwa, ndiye chilichonse chobiriwira chimakhala pangozi. Chaka ndi chaka tinkamanga mpanda wa mapesi ndi minga. Chiswe chinkadya mitengo kunsi, ng'ombe n'kungotsamira kamodzi, mpanda uli pansi. Zikanakhala ng'ombe za munthu wina tikanapita kukasuma. Koma zinali za amalume a Jelemiya, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Munthu amene amakuyankhulira pa milandu yako yonse, ukamusumira kwa yani? Amayi akapita kukadandaula, yankho linali lomwelija: "Nankhoma, ng'ombe sidziwa malire. Manga mpanda wolimba."

Nthawi imeneyo banja langa linali litatha, ndili ndi mwana mmodzi, Tadala, wongoyamba kumene sukulu. Mnzanga wina amene anali kale ku Joni anandiuza pafoni kuti kuli malo a ntchito ya m'nyumba. Ndinagulitsa mpunga wanga wonse ndi njinga yomwe. Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, Tadala atagwira chitenje chawo. Galimoto itayamba kukwera msewu wokhotakhota uja wopita ku Dedza, ndinayang'ana m'mbuyo n'kuona chigwa chonse chili pansi, chouma, chofuka utsi wa lupsa. Ndinayesa kusaka kobiriwira ka dimba lathu, osakaona.

Ntchito ya m'nyumba ija sindinaipeze. Ndimafika n'kuti atalemba kale munthu wina. Ndinakhala kwa mnzanga uja, m'kachipinda ka malata kamene tinkagona mopanikizana, mpaka ndinayamba kuona kuti nkhope yake yasintha. Ndinkachapa zovala za anthu, tsiku lina ndipeze, tsiku lina ayi. Kunyumba ndinkangowauza kuti zinthu zikuyenda.

Lamulungu lina, tikutuluka m'tchalitchi, ndinamva bambo wina wachikulire akukalipira munthu pafoni m'Chichewa chathu chenicheni. Ndinawapatsa moni. Anali a Zakeyo, a ku Angonia, kuseri kwa Dedza komweku. Anali ndi kagulu ka amuna kamene kankamanga mipanda m'mafamu a ku Limpopo, ndipo ankafuna munthu wowaphikira.

"Kulibe nyumba kumeneko, mayi," anandichenjeza. "Ndi tenti, fumbi ndi njoka. Mukalimba?"

"Ndalimba kale, bambo," ndinayankha.

Kumeneko ndiye ndinaudziwa umodzi. Tchire lopanda mudzi, lopanda tambala, lopanda mwana wolira. Mkazi ndinali ndekha. Amuna aja anali a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, ndipo masiku oyamba ena ankandiyankhula zopusa, mpaka a Zakeyo anawauza kuti woyandikira tenti yanga anyamule chikwama chake azipita wapansi. Kuyambira pamenepo anandileka, komanso anasiyiratu kucheza nane. Panali masiku amene mawu okha otuluka pakamwa panga anali akuti, "Zapsa." Netiweki inkapezeka pamwamba pa kaphiri kena kamiyala, ndiye Lamulungu lililonse ndinkakwera kumeneko kukaimba foni kumudzi.

Amayi pafoni ankanena chimodzimodzi: "Kuno bwinobwino, usade nkhawa." Wonena zoona anali Tadala. "Amayi, agogo sapitanso kutchalitchi. Amangokhala kudimba ndi chikwapu."

Ndalama ndinkatumiza ndikalandira. Mwezi wina mwini famu ankachedwa kulipira, ine n'kumanama kuti foni inali itawonongeka, kuopa kuimba chimanjamanja. Ndikatsika kaphiri kaja ndinkalowa m'tenti n'kudzifunditsa bulangete masana, kuti amuna aja asaone maso anga.

Ntchito yozika mapolo a mpanda ndinailowa mwangozi. Mmodzi mwa amuna aja anathawa atamva kuti apolisi akufunsa mapepala, ndipo tsiku limenelo konkire anali atasakanizidwa kale. A Zakeyo anandikuwira: "Mayi, siyani mapotowo, mudzagwire apa!" Anandigwiritsa polo lachitsulo lili m'dzenje, n'kundipatsa levulo, kathabwa kokhala ndi kagalasi kamadzi kamene kali ndi thovu mkati. Anati thovulo likhale pakati pa timizere tiwiri, lisasunthe. Amuna ankathira konkire, ine maso pathovu. Titafika kumapeto kwa mzere a Zakeyo anagwada pa polo loyamba, n'kutsinzina diso limodzi. Anayang'ana mzere wonsewo ngati wawongoka, kenako anadzuka.

"Kuyambira mawa muziphika m'mamawa," anatero. "Masana ndikukufunani kuno."

Anandiphunzitsa mwaukali, koma sanandibisire kanthu. Dzenje lizikula kunsi kusiyana ndi kukamwa kwake, kuti konkire akauma asazuke. Pansi uziyamba waika miyala kuti madzi asamakhazikike pa polo. Konkire asakhale wamadzimadzi ngati phala la mwana, ndipo ukathira uzimusinja ndi kamtengo kuti mpweya utuluke. Pamwamba uzisalaza motsetsereka kuti mvula izitsika. Polo la pangodya ndiye limanyamula mpanda wonse, choncho dzenje lake ndi lakuya, ndipo limafuna lina loligwiriziza chopendekera. Chachikulu chimene ankabwereza mpaka kutopetsa chinali chakuti konkire wongothira kumene ndi khanda. Uzimuthirira madzi, usamugwedeze, ndipo waya usakoke mpaka sabata itatha.

Manja anga anachita matuza, matuza aja n'kusanduka zikang'a. Malipiro anakwera. Amuna aja anayamba kundipatsa moni m'mawa.

Tsiku lina ndili pakaphiri kaja ndinawafotokozera amayi za ntchito yanga yatsopano. Ndinkayembekeza kuti andidzudzula kuti ntchito yake ndi yachimuna. M'malo mwake anayamba kufunsa.

"Konkireyo mumaikamo chiyani?"

"Simenti, mchenga ndi miyala yoswa, amayi."

"Miyala yake yaikulu bwanji?"

"Ngati mazira a nkhunda."

"Ng'ombe singagwetse?"

"Kuno timatchingira njati, amayi."

Anangoti, "Oho," n'kuyamba nkhani ya maliro a kumudzi woyandikana nawo. Ine ndinaiwalako.

Ndinakhala kumeneko zaka zingapo. Tadala ndinamusiya akulephera kulemba dzina lake, koma anafika poti ankandilembera yekha mauthenga pafoni ya aneba. Uthenga umene unandibweza kumudzi unali wake. Analemba kuti agogo anagwa akuthamangitsa ng'ombe, ndipo bondo latupa. Nditaimba, amayi anati, "Aa, kapsepse chabe." Ndinawauza a Zakeyo kuti ndikupita. Sanandiletse. Anandigulitsa motchipa chokokera waya chawo chakale, koma levulo anandipatsa ulere.

"Kwanu kuja ndi dothi la makande," anatero. "Limang'aluka m'chilimwe, limafufuma m'dzinja. Mukakumbe kupitirira mmene timakumbira kuno, mpaka mukapeze dothi lolimba."

Anthu obwera ku Joni amatsika ndi mawailesi, matiresi ndi mafiriji. Ine ndinatsika pa Golomoti ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi thumba la zitsulo. Akabaza polinyamula anafunsana ngati ndabwera ndi injini ya chigayo. Nditawauza kuti ndi zomangira mpanda anaseka mpaka wina anatsamira njinga yake.

Amayi ndinawapeza akutsimphina, ataonda, koma maso ali gwa. Tadala anali atanditalikira mpaka paphewa, ndipo poyamba ankachita nane manyazi ngati mlendo. Titatha kulonjerana amayi anati, "Tiye kuseri kuno." Kuseri kwa khitchini kunali mulu wa miyala yoswa wofika m'chiuno mwanga, wovindikira ndi mapesi. Pambali pake panali mulu wina wa mchenga wa kumtsinje, wosefa bwino.

"Amayi, mwagula kuti zimenezi?"

"Kugula? Ndi ndalama ziti? Ndinkati ndikamachoka kudimba ndinyamule mwala umodzi. Madzulo ndikhale pansi ndi nyundo ya malemu bambo ako." Anatola kamwala kamodzi n'kundiika m'dzanja. "Mazira a nkhunda. Ndalakwitsa?"

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, kulira kumene ndinkakubisa m'bulangete zaka zonse zija. Amayi anandisiya ndilire, kenako anati, "Basi. Simenti ndiye wako."

Simenti ndinagula ku Mtakataka, waya waminga ndi mapaipi achitsulo a pangodya ndinakatenga ku Salima. Mapolo ena onse anali a bulugamu, ndipo tinawapaka oyilo wakutha kuopa chiswe. Ndinamanga chingwe kuzungulira dimba, koma chakumpoto ndinasiya mpata waukulu woti ng'ombe zizidutsa popita kumadzi. Makande a m'chilimwe ndi mwala weniweni. Mgwala unkangodumpha. Tinkathira madzi m'dzenje, n'kudikira afewe, n'kukumbanso, mpaka dothi lakuda litatha n'kuyamba loyererako.

Anthu ankaima m'njira kudzaonerera mkazi wovala ovolosi akusakaniza konkire ndi fosholo. Ena ankati ku Joni kwandizunguza mutu. Amalume anabwera tsiku limene tinayamba kuthira. Anaima atapinda manja kumbuyo.

"Estere, anzako simenti amamangira nyumba. Iwe ukukwirira m'dothi?"

"Munkanena nokha, amalume, kuti timange mpanda wolimba."

"Nanga ng'ombe zanga zizidzera kuti?"

"Ndasiya njira uko. Ngolo ikhoza kudutsa."

"Ng'ombe zanga zili ndi njira yake," anatero. "Zinayamba kudutsa pano iwe usanabadwe. Mawa zidutsa pomwepa."

Mapolo anali ataima bwino pamzere, ogwirizizidwa ndi timitengo, koma konkire anali asanagwire. Ng'ombe imodzi yokha itadzikanda pa polo, ntchito yatha, ndipo ndalama zogulira simenti wina ndinalibe. Zaka zanga zonse za m'tchire zinali m'maenje amenewo. Ndinawachonderera kuti adikire sabata imodzi yokha. Anangotembenuka n'kumapita.

Amayi anamva zonse. Kenako anatenga ndodo yawo n'kunena kuti akupita kukaona anzawo a kumphakati, amayi amene amapemphera nawo Lachinayi. Ndinkaganiza kuti akukapempha mapemphero.

M'mawa mwake ndinalawirira kudimba ndi ndowa kukathirira konkire. Dzuwa litangotuluka ndinaona amayi akubwera, kumbuyo kwawo kuli mzere wa azimayi. Ena anali ndi ana kumbuyo, ena atanyamula nsengwa za nandolo woti asole, wina atatenga ndi mpando womwe. Amayi anawagawa ngati akugawa mizere ya m'munda: "Inu apa, inu apo." Polo lililonse la mbali yoyang'ana kumudzi linapeza mwini wake. Anakhala pansi n'kuyamba kusola nandolo, nkhani zili mkati.

Posakhalitsa fumbi linaoneka. Amalume ankaziyendetsa okha ng'ombe tsiku limenelo, chikwapu chili m'manja. Kutsogolo kunali nkhunzi yawo yakuda ya linunda lalikulu, imene mudzi wonse unkaiopa. Azimayi aja anaimirira. Anamasula zitenje zapamwamba n'kuyamba kuzikupiza, akukuwa, ena akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Nkhunzi inaima, n'kupalasa pansi. Koma palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anasuntha.

"Chokani pamenepo!" anakuwa amalume. "Nkhani ya pabanja pathu ikukukhudzani bwanji?"

Anayankha ndi mayi Nasiketi, achikulire a pafupi ndi mjigo, amene ndinkawadziwa kuti sayankhulayankhula. "A Jelemiya, ife tangokhala pansi tikusola nandolo. Kapena ng'ombe zanu zimadyanso anthu?"

Azimayi anaseka. Amayi anatsimphina mpaka anakaima kutsogolo kwa mlongo wawo. Sanakweze mawu.

"Achimwene, ndakhala ndikukulemekezani moyo wanga wonse, ndipo sindisiya. Koma lero mukafuna kudutsa pano, muyambe mwaponda ine. Njira ndi iyo mwana wakusiyirani."

Amalume anayang'ana amayi, n'kuyang'ana mzere wa azimayi uja. Ambiri anali akazi a anzawo, ena apongozi awo. Analiza chikwapu kumbali, nkhunzi n'kukhota, ng'ombe zonse n'kutsatira njira ya kumpoto. Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinamveka mpaka kumsewu.

Azimayi aja anabwera m'mawa uliwonse sabata yonse, mosinthana. Anayamba kundithandiza kuthirira konkire, ndipo m'kucheza ndinamva zimene sindinkazidziwa. Pafupifupi aliyense wa iwo anali ndi dimba limene analisiya chifukwa cha ziweto. Mayi Nasiketi anati lawo linamera tchire kalekale. Ena anandiuza kuti pa mulu wa miyala uja panalinso miyala yawo, chifukwa ankati akaona amayi akutsimphina ndi mwala pamutu ankawalandira, mpaka chinangosanduka chizolowezi kuti wopita kukacheza kwa Nankhoma azinyamula mwala. Ine kutali kuja ndinkaona ngati amayi ali okhaokha, akungodikira ndalama zanga. Sizinali choncho.

Sabata itatha ndinachotsa timitengo tija n'kukoka waya. Chokokera chinkalira kete kete, waya n'kumauma mpaka ukamukhudza ankalira ngati chingwe cha gitala. Mapolo a pangodya sanasunthe ngakhale pang'ono. Masiku angapo pambuyo pake nkhunzi ija inabwera yokha masana. Inanunkhiza kabichi kudzera pa waya, kenako inaika phewa lake pa polo la pangodya n'kuyamba kukankha. Ine ndi Tadala tinali mkati, tikuthirira. Inakankha, inadzikanda, inakankhanso mpaka ziboda zinalowa m'dothi. Potsiriza inapumira m'mwamba n'kumapita. Tadala anathamanga kukatenga levulo n'kuiika pa polo.

"Amayi, thovu lili pakati!" anakuwa, akudumphadumpha. Aka kanali koyamba chibwerere changa kuti andikumbatire yekha.

Chaka chimenecho tomato wathu anapsa pamtengo. Tinagulitsa pamsewu mabeseni ndi mabeseni, anyezi n'kutengedwa ndi ogula ochokera ku Balaka. Dzinja linabwera, khwawa linasefukira, madzi anadutsa m'dimba mpaka m'mawondo. Ataphwa, mpanda unali chiimire.

Mayi Nasiketi ndiwo anayamba kundilemba ntchito. Anandilipira ndi mbuzi. Kenako anabwera ena, ndipo azimayi anayi mwa aja anakhala gulu langa. Awiri tsopano amagwira levulo bwino kuposa ine. Tamanga mipanda ya madimba, ya mijigo, ya makola a nkhumba, kuchokera kuno mpaka ku Mua ndi ku Bwanje. A Zakeyo anandiimbira ulendo wina kuti apeza ntchito yaikulu, ndibwerere. Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti kuno anthu ali pamzere kundidikira. Anaseka, kuseka kumene sindinawamvepo zaka zonse zija.

Chilimwe chathachi akuba anathyola khola la amalume n'kutenga ng'ombe ziwiri. Khola lake linali la mitengo yozika m'dothi, yodyeka ndi chiswe. Patapita masiku ndinaona amalume akubwera kunyumba, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando, anafunsa za bondo la amayi, za sukulu ya Tadala, za mvula. Amayi ankangoyankha, akusenda chinangwa, osawathandiza kufika pa nkhani.

"Estere," anatero potsiriza, "khola lija likufuna mapolo ako aja."

"Ndamva, amalume. Simenti ndi waya mugula. Malipiro a azimayi anga ndi ofanana ndi a wina aliyense. Anga musalipire, ndinu amalume anga."

Nkhope yawo inamasuka.

"Koma maenje mukumba nokha," ndinapitiriza. "Gulu langa sabata ino lili ku Mtakataka."

Ndinapita Loweruka kukaona. Ndinawapeza atavula malaya, thukuta lili chuchuchu, mgwala uli m'manja, akulimbana ndi makande pa dzenje la pangodya. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro la njinga kuti aone bwino. Atandiona anaongoka, n'kupukuta nkhope ndi mkono.

"Amisiri," anatero, "apa pakwana?"

Ndinagwada n'kupisa dzanja m'dzenje. Dothi linali likadali lakuda.

"Kumbanibe, amalume."

Anandiyang'ana, anapukusa mutu, akumwetulira pang'ono. Kenako analavulira m'manja n'kunyamulanso mgwala.